Khonde la matabwa a pulasitiki patatha miyezi 18

Khonde la nyumba yathu ku Senga Bay poyamba linali la paini wa ku Chikangawa. Mvula ikangotha inali ntchito yopala ndi kupaka vanishi, koma chiswe vanishiyo sichinkamuopa. Titatopa tinagula matabwa a composite ochokera ku South Africa, aja amaumba posakaniza utuchi ndi pulasitiki. Mtengo wake unandiwawa. Tinawakhoma mu Okutobala, ndipo pano adutsa dzinja kawiri.

Za vanishi ndinaiwaladi. Mwera ukabweretsa mchenga, tsache basi. Kumene kuli mthunzi wa mango kumamera ndere nthawi ya mvula ndipo kumaterera, koma burashi ndi madzi a sopo zimathetsa. Chimene chinakanika ndi mafuta a chambo amene anadontha tikuwotcha pa Khirisimasi. Tinachedwa kupukuta, banga lake lilipobe pafupi ndi masitepe.

Mtundu ndiye ndinalakwitsa ndekha. Ndinasankha woderapo ngati khofi poti unkaoneka bwino m'sitolo. Dzuwa likaswa mtengo, pulasitiki ameneyu amatentha kuposa thabwa wamba. Mwana wa achemwali anga anatuluka m'nyanja n'kuthamangira pakhondepo wopanda nsapato, anavina gule wosamuphunzira. Masiku ano timayala mikeka. Mukamagula, tengani owala.

Koma chimene chandidyera ndalama chili kunsi, kosaoneka. Akalipentala anandiuza kuti, “Bwana, mitanda yakaleyi ikadali yolimba, tingokhomerapo.” Ine pofuna kupulumutsa kangachepe ndinavomera. Mwezi wa 14 ngodya ya kunyanja inayamba kunyikira munthu akaponda. Nditasuzumira ndi tochi, ndinapeza chiswe chamanga njira zake za dothi kuchokera pansi, mtanda wasanduka chigoba chongoboola ndi chala. Matabwa apamwambawo sichinawakhudze n'komwe. Tinakanganula mbali yonseyo n'kuika zitsulo zopaka penti pa zipilala za simenti, motalikirana masentimita 40, chifukwa composite amapindika mitanda ikatalikirana kwambiri. Pokanganulapo tinaonanso kuti pamene matabwa anakumanizidwa mothinana anali atatukuka. Amafutukuka kukatentha, ndiye amafuna kampata ka mamilimita 5 kapena kuyandikira pamenepo.

Kugulanso ndingagule. Mbali yotsala ija ikadali pa mitanda ya paini, ndipo Loweruka lililonse ndimagwada ndi tochi kuiyang'ana mpaka ndalama ya zitsulo ikwane.