Miyezi khumi ndi galimoto yamagetsi mu Johannesburg: ndaipatsa nyenyezi zitatu pa zisanu

Chimene chinandikola ine chinali chipepala chomata pa galasi lakutsogolo, cholembedwa kuti galimotoyi yapambana mphoto. Mnyamata wogulitsayo anatchula mphotoyo kanayi tisanafike n'komwe pa nkhani ya mtengo. Sindinafunse kuti mphotoyo anapereka ndani, kapena kuti inkapikisana ndi magalimoto angati. Ndinamva mochedwa kuti inali ya gulu limodzi mwa magulu ambirimbiri a mpikisano wina, ndipo m'gululo munali magalimoto owerengeka pa zala za dzanja limodzi.

Ntchito yanga ndi yosoka ndi kupachika makatani m'nyumba ndi m'maofesi. Ndimakhala cha ku Randburg, m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndipo tsiku lililonse ndimayenda makilomita pakati pa 80 ndi 120: Sandton, Midrand, Fourways, pena Centurion. Galimoto imene ndikunena ndi yaing'ono, ya zitseko zisanu, yamagetsi okhaokha, batire lake losunga mayunitsi a magetsi osakwana 50 (50 kWh). Dzina la kampani ndalisiya, chifukwa zambiri zimene ndidandaule pano mungazipeze pa galimoto iliyonse ya mtundu wotere.

Pa kayendedwe ndilibe nayo mlandu. Ilibe magiya osintha, ilibe phokoso, ndipo ukaponda imanyamuka nthawi yomweyo. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka, kotero injini ya petulo yopanda turbo imataya mphamvu ndithu. Amene munayendetsapo kagalimoto ka 1.4 mutanyamula anthu anayi pa zitunda za ku Northcliff mukudziwa kubuula kwake. Yamagetsi siipuma mpweya, ndiye za kukwera kwa malo sizikuikhudza. Pa mdipiti wa magalimoto wa m'mawa pa N1, pomwe timakwawa ngati nkhono kuchokera ku Malibongwe mpaka ku Buccleuch, ndi pamene imasangalatsa zedi: ukaima siidya kanthu, ukachotsa phazi imadzichepetsa yokha liwiro n'kubweza mphamvu ina m'batire. Mabuleki anga akadali ngati atsopano. Mafuta a injini kulibe, mapulagi kulibe, ekizozi kulibe.

Ndalama nazo ndinaziwerengera, poti munthu wa bizinesi sungakhulupirire za pakamwa. Pa makilomita 100 imadya mayunitsi pafupifupi 15. Ndikatchaja kunyumba zimandikwana cha m'ma R55. Galimoto yanga yakale inkamwa malita 7 pa mtunda womwewo, kutanthauza cha m'ma R150. Mwezi woyamba ndinkayenda ndikudzimwetulira ndekha ndikamadutsa pa filing'i siteshoni.

Walira mvula walira matope. Mawu akuti "ndikatchaja kunyumba" ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo nyumbayo si yanga. Soketi wamba ya pakhoma imalowetsa mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola. Ndikalumikiza 8 koloko usiku n'kuchotsa 6 koloko m'mawa, ndimapeza mtunda wa makilomita pafupifupi 150, wokwanira tsiku limodzi koma osapitirira apo. Kuti batire lidzadze kuchokera pansi pamafunika maola pafupifupi 20. Chotchajira cha pakhoma cha 7 kW chimatha ntchitoyi usiku umodzi, koma kuchiika kumafuna chilolezo cha eni nyumba ndi munthu wa zamagetsi wa mapepala, ndipo ndani angawononge ndalama kukonza khoma la mwini pomwe akhoza kukuuza kuti usamuke mwezi wa mawa? Kuwonjezera apo mita tinali nayo imodzi. Mayi a nyumbayo ataona mayunitsi akutha ngati madzi a m'dengu, anandiitana pakhonde. Sanakalipe, anangondionetsa malisiti a miyezi iwiri. Tinagwirizana kuti ndiike kamita kangakanga, ndipo ndinalipira ndekha. Achimwene amene mumakhala m'mafulati a ku Hillbrow kapena ku Yeoville, galimoto n'kumagona pamsewu, waya wanu mudzaudutsitsa pati kuchokera pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi?

Anthu ambiri amandifunsa za load shedding. Chaka cha 2023 chinalidi choopsa, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi 2024 zinachepa kwambiri. Ndipo load shedding ili ndi ndandanda, umadziwiratu. Chimene chinandigwetsa ine ndi china: usiku wina mu Juni akuba anadula mawaya m'dera lathu, magetsi anapita masiku atatu. Ndinadzuka batire lili pa 18 peresenti, kasitomala akundidikira ku Centurion. Ndinakathera mphindi makumi asanu pa malo otchajira a pa shopping mall, ndikumwa tiyi amene sindinamufune, nsalu za anthu zili m'buti. Kumeneko yuniti imodzi ndinagula pafupifupi kuwirikiza kawiri mtengo wa kunyumba. Wotchaja kunja masiku onse phindu lake limatsala lochepa kwambiri, moti kubweza ndalama yowonjezera imene unagulira galimotoyo kungakutengere zaka zambiri.

Alamu anga ndi makaniko ku Booysens, munthu wa zaka zoposa makumi awiri akugona pansi pa magalimoto. Tsiku limene ndinapita kukawaonetsa, anaizungulira kawiri, anatsegula boneti, n'kuitseka osanena kanthu. Nditawauza za mphoto ija anaseka.

"Alamu, mkamwini mumamuyamikira tsiku la chinkhoswe atavala suti? Dikirani dzinja, mumuone ndi khasu."

Ndinakwiya pang'ono tsiku limenelo, koma mawuwo anandichititsa kufufuza za mipikisano imeneyi. Waukulu kuno ndi South African Car of the Year, umene unayamba mu 1986, ndipo oweruza ake ndi atolankhani olemba za magalimoto. Sindikuti ndi anthu achinyengo, ayi. Magalimoto amawadziwa kuposa ine ndi inu. Vuto lili pa zimene mpikisano wotere ungathe kuyeza. Choyamba, amapikisana ndi magalimoto amene angotuluka kumene m'chaka chimenecho, osati onse ali pamsika. Ndiye "galimoto ya chaka" tanthauzo lake ndi yoposa anzake obadwa nawo limodzi, basi. Toyota Hilux ndi Volkswagen Polo Vivo, zimene anthu amagula kwambiri chaka ndi chaka, sizilowa m'bwalo chaka chilichonse. Chachiwiri, oweruza amakhala ndi magalimotowo masiku owerengeka, ali atsopano, matayala abwino, batire lodzadza, ochokera m'manja mwa kampani yomwe. Palibe amene amaona galimotoyo itayenda makilomita 80,000, kapena kudikira sipeya miyezi iwiri, kapena kukambirana ndi eni nyumba za mayunitsi.

Taonani mndandanda wa opambana. Porsche inatenga mphotoyi zaka zitatu zotsatizana, 2013, 2014 ndi 2015, n'kudzatenganso mu 2018. Mu 2024 inapita kwa BMW 7 Series. Magalimoto okongola, koma ndi angati a ife, ngakhale eni dziko omwe, amene tingagogode pa khomo pamene amagulitsa zimenezo? Mu 2020 inapambana Jaguar I-Pace, galimoto yoyamba yamagetsi kutenga mphotoyi, itatenga kale ya ku Ulaya ndi ya dziko lonse mu 2019. Mtengo wake kuno unali wopitirira R1.5 miliyoni, ndipo pofika kumapeto kwa 2024 anasiya kuipanga. Mphoto zitatu zikuluzikulu, moyo wake wa pamsika osafika zaka zisanu ndi ziwiri. Kunena zoona, zaka zina amalasa pamene anthu ali: Toyota Corolla Cross mu 2022, yopangidwa ku Durban, ndi Ford Ranger mu 2023, yopangidwa ku Silverton ku Pretoria, bakkie (pikapu) yoyamba kupambana. Koma zimenezo anthu akanagulabe ngakhale popanda chikho.

Ndipo msika umayankha mwa njira yake. Mu 2023 magalimoto amagetsi okhaokha amene anagulidwa mu South Africa monse sanakwane 1,000, pa magalimoto atsopano opitirira 500,000. Chimodzi mwa zifukwa ndi msonkho: yamagetsi yolowa m'dziko imalipira 25 peresenti, pomwe ya petulo yochokera ku Ulaya imalipira 18. Kuchepa kumeneku kumakugwera iwe wogula, chifukwa ndiye kuti amakaniko oidziwa ndi ochepa, masipeya sasungidwa ambiri, ndipo wodzaigula kwa iwe ndi wosowa.

Ulendo umene unandiphunzitsa zambiri ndi wa ku Durban mu Julaye, kukapachika makatani pa nyumba ya alendo. Ndi makilomita pafupifupi 570 pa N3. Kabuku ka galimotoyi kamati imayenda makilomita opitirira 300 pa batire limodzi, ndipo m'tauni ndimafikadi pafupi ndi pamenepo. Koma nambala imeneyo amaiyeza posakaniza liwiro la m'tauni ndi la msewu waukulu, kunja kukutentha bwinobwino. Ine ndinanyamuka 5 koloko m'mawa, chisanu chili mbuu pa udzu, hita ili yoyatsa, ndikuthamanga 120. Galimoto ya petulo imakufunditsa ndi kutentha kwa injini kumene kukanangotayika. Yamagetsi kutentha kulikonse kumachokera m'batire lomwelo. Nambala ya pa dashibodi inkatsika mofulumira kuposa zikwangwani za pamsewu. Ndinaona kuti ku Harrismith, kumene ndinkafuna kukaima koyamba, sindikafika. Ndinazimitsa hita, ndinavala jekete, n'kutsatira thiraki pa 90. Pa malo oyamba otchajira ndinapeza makina amodzi akufa, enawo pali munthu, ndipo ndinadikira iye amalize kenako ine ndiyambe. Batire limathamanga kudzadza mpaka pa 80 peresenti, kupitirira apo limayenda ngati gogo wa ndodo, ndiye suima kamodzi kwa nthawi yaitali, umaima kawirikawiri. Ulendo wa maola asanu ndi limodzi unanditengera asanu ndi anayi.

Chinandisangalatsa chimodzi: potsika phiri la Van Reenen batire linakwera m'malo motsika, ndipo ndinaseka ndekha ngati mwana. Pobwerera phiri lomwelo linandilipiritsa ngongole yonse ndi chiwongoladzanja.

Tayala lapadera ilibe. Anandipatsa kabotolo ka guluu ndi kapampu, zinthu zosathandiza pamene dzenje la pamsewu lang'amba tayala m'mbali, monga zinandichitikira mvula itayamba. Galimotoyi ndi yolemera chifukwa cha batire, ndipo maenje a mu Joni mukuwadziwa. Nyali yakumbuyo imene taxi inandiphwanyira ndinaidikira masabata asanu ndi awiri. Alamu anga akanaipeza ya Polo tsiku lomwelo pa sikirapu iliyonse, koma iyi sangaigwire n'komwe mbali ya batire, poti muli magetsi amphamvu oti akhoza kupha munthu, ndipo ndikanataya waranti.

Za utsi ndinene mwachidule. Kumbuyo kwake sikutuluka kanthu, n'zoona, ndipo mwana wanga wa chifuwa amakwera mosavutika. Koma magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku malasha a ku Mpumalanga. Amene ali ndi sola padenga ndiye angadzitame.

Chimene chinapweteka mayi a kunyumba ndi Disembala. Chaka chilichonse timapita kumudzi pa galimoto: Polokwane, Musina, kuwoloka pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, n'kulowa pa Mwanza. Ndi mtunda wopitirira makilomita 1,600, titadzadza katundu mpaka kudenga, nthawi zina tikukoka ngolo. Mpaka ku Polokwane ndikanalimba mtima. Kupitirira Beitbridge sindinafune kuyesa ndi ana m'galimoto, ndiponso pa mzere wa pa boda pomwe umatha tsiku lonse dzuwa likuswa mtengo. Petulo ukakuthera pakati pa Tete ndi Zobue, mnyamata wa njinga amakubweretsera m'chigubu. Magetsi sanyamulidwa m'chigubu. Ndipo ngakhale titafika, kwathu ku Ntcheu nyumba ya amayi ili ndi kasola ka mababu atatu ndi kotchajira foni. Tinakwera basi, katundu tinatumiza kwa matransipota, ndipo galimoto yopambana mphoto inatsala pansi pa mtengo ku Randburg itafundidwa lona. Ndikaganiza za uthenga wa maliro, umene sugogoda, mtima umandiuza kuti banja la Mmalawi wa kuno silingadalire galimoto iyi yokha.

Ndiye ndani aigule? Amene ali ndi nyumba yakeyake kapena galaja yokhala ndi soketi, woyenda makilomita osapitirira 150 pa tsiku, ndipo pabwalo pali ina ya petulo kapena dizilo ya maulendo aatali. Kwa munthu wotere ndikanapereka nyenyezi zisanu osaphethira. Wa lendi ngati ine, wa galimoto imodzi, ayambe wayang'ana hybrid, imene imadzitchaja yokha ikamayenda ndipo imamwa mafuta ochepa m'tauni. Mukapita kukaona, musafunse za chikho. Funsani kuti waranti ya batire ndi zaka zingati ndi makilomita angati, nyali kapena bampala zimatenga masabata angati kufika, inshulansi ndi zingati pa mwezi, ndipo iwowo angaigule pa mtengo wanji mutaibweza pakatha zaka ziwiri. Pemphani kuti mugone nayo usiku umodzi, muitchaje pa soketi yanu.

Funso lomalizalo ndinalifunsa ine mwezi watha, kwa mnyamata yemwe uja. Anatenga kakyuleta, anadinadina, n'kunditembenuzira kuti ndione ndekha. Nambala imene inali pamenepo ndi imene yandichititsa kuti ndiisungebe mpaka ngongole ya ku banki itatsika. Pakali pano alamu anga akundisakira Corolla yakale ya ulendo wa Disembala, ndipo akuti akaipeza tigawana mtengo.