Ndemanga pa ntchito ya anamwino oyendera odwala khansa m'makomo

Bambo anga atapezeka ndi chotupa cha muubongo chotchedwa glioblastoma, adokotala anatiuza mosabisa kuti khansa imeneyi imakula mofulumira kwambiri, ndipo kuti ngakhale mwa anthu amene achitidwa opaleshoni, n'kulandira radiotherapy (chithandizo chowotcha khansa ndi cheza) ndi mankhwala a temozolomide, ambiri amakhala ndi moyo miyezi 12 mpaka 15 basi. Tinabwerera nawo kunyumba ku Chilomoni, ndipo kwa miyezi isanu tinadalira gulu la anamwino opereka chisamaliro chochepetsa ululu, omwe ankatiyendera kamodzi pa sabata.

Chimene ndimawayamikira koposa si mankhwala ayi. Bambo, munthu wofatsa moyo wawo wonse, anayamba kulalatira amayi popanda chifukwa, kuiwala mayina a zidzukulu ndi kuvula zovala pamaso pa alendo, mpaka achibale ena anayamba kunong'onezana kuti pali dzanja la munthu. Namwino wamkulu anapempha kuti banja lonse likhale pansi, azakhali ndi amalume omwe, ndipo anafotokoza modekha kuti chotupacho chinali kutsogolo kwa ubongo, kumene kumalamulira khalidwe ndi kudziletsa. Anauza amayi kuti mawu owawawo asawasunge mumtima chifukwa ndi a matenda, osati a amuna awo. Zopita kwa asing'anga zinathera pomwepo, ndipo amayi anayambiranso kuwadyetsa phala osagwetsa misozi.

Pa mankhwala anamwinowa anali osamala kwambiri. Anatiphunzitsa kupereka dexamethasone m'mawa kuti asawasowetse tulo, anatichenjeza kuti tisasiye mwadzidzidzi, komanso ankawayeza shuga chifukwa mankhwalawa, pamene akuchepetsa kutupa kwa muubongo, amakweza shuga ndi kutupitsa nkhope. Mofini wamadzi, mankhwala ochepetsa ululu, tinkapereka pa maola anayi alionse, ndipo bambo atayamba kudzimbidwa anamwino anatilangiza kusinja nthangala zouma za papaya n'kusakaniza ndi phala, zomwe ndinazikayikira poyamba koma zinathandiza. Anatisonyezanso kuwatembenuza pa maola awiri alionse, choncho mpaka tsiku lomaliza analibe chilonda n'chimodzi chomwe kumsana.

Cholakwika chawo, chimene sindingachibise, n'chakuti usiku ndi kumapeto kwa sabata sapezeka. Bambo anagwa ngati akhunyu koyamba Loweruka usiku, foni imene anatipatsa inangoitana osayankhidwa, ndipo ife mwamantha tinawakankhira supuni m'kamwa mpaka kuwathyola dzino. Lolemba m'pamene anatiuza kuti wodwala wotere amangofunika kumugoneka cham'mbali, osamuika chilichonse m'kamwa, ndi kuthamangira kuchipatala ngati zapitirira mphindi zisanu. Popeza kugwa kotereku n'kofala kwa odwala chotupa cha muubongo, malangizo amenewa anayenera kutipatsa tsiku loyamba lenilenilo. Ndikudziwa kuti anamwinowa ndi ochepa ndipo odwala ndi ambiri, koma kutiphunzitsa kukanangowatengera mphindi khumi.

Banja lililonse limene lili ndi wodwala ngati ameneyu ndikulilimbikitsa kuti lipemphe kuchipatala kumene akulandirira chithandizo kuti achipatalawo alilumikize ndi gulu lotere. Pa ulendo wawo woyamba, muwafunse zoyenera kuchita wodwala akagwa, kumene mungapeze mofini akatha msanga, ndiponso nambala ya munthu amene amayankha foni usiku.