Kawailesi ka 500mA pa chaja ya 2.4A: mmene kakhalira miyezi yonseyi

Kawailesi kaja kadakali moyo, ndiyambe ndi zimenezo poti ambiri mwakhala mukufunsa. Kwa amene simunaone zomwe ndinalemba nditangokagula: ndi kawailesi kakang'ono kokhala ndi tochi, kotchaja ndi chingwe cha USB. Ndinakagula kuno ku Chipata nyengo yokolola ya 2024, magetsi atayamba kuzima maola ambiri chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku damu la Kariba. Kumsana kwake analemba 5V 500mA, kutanthauza mavolti 5 ndi theka la ampere (0.5A), koma m'bokosi munalibe chaja. Mnyamata wogulitsa anandichenjeza kuti, "Atate, musakaike pa chaja ya foni yaikulu, kapsa." Ine chaja yomwe ndili nayo ndi ya 5V 2.4A, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzakuuzani ngati utsi udzatuluke.

Utsi sunatuluke. Kapirira chisanu cha June, kutentha kwa October, mpaka mvula, konseku pa chaja yomweyo.

Chifukwa chake n'chakuti 2.4A yolembedwa pa chaja ndi malire a zomwe ingathe kupereka, si zomwe imakankhira m'chipangizo. Zili ngati chitsime: chikule bwanji, mwana wobwera ndi kachigubu amatunga zokwana kachigubu kake basi. Mkati mwa wailesiyi muli kachipangizo koyang'anira batire, ndipo ndi iko kamene kamasankha mlingo. Mnzanga wokonza mafoni ku msika wa Kapata anandibwereka kamita koyezera magetsi kolumikiza pakati pa chaja ndi chingwe. Batire itatheratu kanaonetsa pafupifupi 0.45A, kenako nambala ija inkatsika pang'onopang'ono batire ikamadzaza. Ukachulukitsa mavolti ndi ma ampere umapeza mawati, ndiye kuti wailesi imakoka mawati osafika 2.5 pa chaja yotha kupereka 12. Chajayo siitentha n'komwe.

Chomwe chimaotcha zinthu ndi mavolti. Pakalembedwa 5V, pafunika 5V. Ma adaputa a 9V kapena 12V, aja a ma decoder ndi ma router, musayese ngakhale pulagi yake italowa. Machaja othamanga a mafoni a masiku ano nawonso amafika 9V kapena 12V, koma amayamba pa 5V ndipo amakwera pokhapokha foni itapempha. Wailesi yanga sidziwa kupempha, choncho imapatsidwa 5V yomweyo. Apa ndikunena chaja yeniyeni. Zija zopepuka ngati mulibe kanthu mkati, zopanda dzina la wopanga, sindingaziikire kumbuyo, ngakhale zitalembedwa 1A.

Zovuta ndakumana nazo, koma zinachokera kwina.

Choyamba chinali power bank. Magetsi akapita ndinkalumikiza wailesi madzulo, m'mawa n'kupeza power bank inazima yokha, wailesi isanadzaze bwino. Ma power bank ambiri akaona kuti chipangizo chikukoka pang'ono kwambiri amayesa kuti palibe cholumikizidwa, n'kudzitseka. Ndi timahedifoni ta mwana wanga ndiye zinanyanya, sitinkatha ndi mphindi imodzi. Power bank yanga ili ndi njira yotchajira tinthu ting'onoting'ono, umadina batani kawiri. Si onse ali nayo, funsani musanagule.

Chachiwiri chinandidabwitsa. Wailesiyi ili ndi bowo la USB-C, koma nditaika chingwe cha C mbali zonse pa chaja ya mlamu wanga, nyali yofiira yosonyeza kuti ikutchaja sinayake. Pa chingwe cha mutu waukulu wa USB-A inayaka pompo. Chaja ya USB-C situlutsa magetsi mpaka itazindikira kuti kutsogolo kuli chipangizo, ndipo imazindikira kudzera m'maresista awiri a 5.1k, tizipangizo tating'ono ta mkati mwa wailesi, omwe opanga zinthu zotsika mtengo nthawi zina amawasiya. Chotero si kuti chaja yakana chifukwa ndi yamphamvu. Sikuiona wailesiyo.

Chingwe chomwe chinabwera m'bokosi chinali chopyapyala ndipo chinathyokera pakhosi mvula isanagwe. Ndinagula chachifupi chonenepa, nkhani inathera pomwepo.

Chodandaula chenicheni ndi phokoso. Kumvera Breeze FM uku ikutchaja kumatheka, koma siteshoni zakutali zimangoti shwii, mawu osamveka. Ndinayesa chaja yakale ya 1A, phokoso linachita kuposa. Pa power bank kuli zii. Phokosoli limachokera m'kati mwa chaja, momwe magetsi a 230V amadulidwa mofulumira kuti atsike kufika 5V, ndipo kukula kwa ma ampere kulibe nazo gawo. Masiku ano ndimatchaja wailesi ili yozima.

Chaja ya 1A ija ndiyo inandionetsa mbali yoopsa. Mwana anaikapo tabuleti yomwe imafuna 2A, ndipo patapita kanthawi chajayo inatentha moti kuigwira kunali kovuta, tabuleti ikungokwera mwa kamba. Kachaja kakang'ono pa chipangizo chachikulu ndiko kamavutika.

Batire yafookako, sindibisa. Kale inkatifikitsa madzulo atatu, pano awiri ndi pang'ono. Ndikuganiza kuti kutentha kwathandizira, chifukwa mu October wailesi inkakhala pawindo, pansi pa malata, ndipo batire za lithium sizigwirizana ndi kutentha. Ubwino wake ndi ya mtundu wa 18650, imatuluka ukangomasula kachitseko kakumbuyo, ndipo okonza mafoni m'tauni muno amakhala nazo.