Sikelo yoyendayenda ya kwathu kuno ku Ntcheu, ndaipatsa 4 pa 5

Amene muli ndi makanda mbali ino ya Ntcheu, sikelo ija imabwera mwezi ndi mwezi pa tchalitchi pathu musamaiphonye, ine chandikoka si kukweza mwana kokha ayi koma phunziro lomwe anesi amapereka asanatsegule kabokosi ka katemera. Kwina amangokuuza kuti mayi mubwerenso tsiku lakuti basi, koma awa amafotokoza chifukwa chake, mu Chichewa chomveka bwinobwino.

Ulendo uno mayi wina anafunsa kuti bwanji mwana amabayidwa katemera yemweyemweyo pa masabata 6, pa 10 komanso pa 14, kodi woyambayo amasukuluka? Anesi anati ayi amayi, thupi limakhala likuphunzira. Muli asilikali ena otchedwa ma B cell amene akakumana ndi katemera amakasonkhana mu tizigawo tija timatupa tikamati mwanabere, ndi mu kapamba, mmenemo amachulukana nkumapikisana kuti ndani akugwira bwino kachiromboko. Ena amasanduka ma plasma cell nkukakhala m'mafuta a m'mafupa, ntchito yawo kutulutsa ma antibody, tizida togwira tizirombo ta matenda, zaka ndi zaka. Ena ndiye ma memory B cell, kapena kuti maselo okumbukira, awa amangokhala phee kudikira tsiku lomwe matendawo adzabwere.

Pomwe ndinatchera khutu kwambiri ndi pomwe anati okumbukirawa sali mtundu umodzi, amasiyanitsidwa ndi mtundu wa antibody womwe ali nawo. Alipo a IgM amene ambiri amatuluka msanga, kagwiridwe kawo sikolimba kwenikweni koma amatha kubwereranso kukaphunzira ngati kachirombo kabwera kosinthako. Alipo a IgG, awa ndi onoleka kale, akangomuona mdani yemwe uja pamasiku ochepa ayamba kale kutulutsa ma antibody ambirimbiri. A IgA amalondera m'matumbo ndi m'mphuno, ndipo ena sayendayenda m'magazi nkomwe amangokhazikika m'mapapo. Anayerekeza ndi mlimi wa kachewere ku Tsangano amene sasunga mbewu ya mtundu umodzi chifukwa sadziwa kuti chaka chamawa kugwa matenda anji m'munda, azimayi onse mutu gwedegwede. Akuti anthu amene anabayidwa katemera wa nthomba kalekale anawapeza ali nawobe maselo amenewa patatha zaka zoposa 50, tangoganizani.

Za chikuku ndiye zinandiopsa zedi, chifukwa kachirombo kake kamapha maselo okumbukira omwewa, ndiye mwana akachira chikuku amatha kudwalanso matenda amene thupi linali litawadziwa kale. Nchifukwa chake katemera wa chikuku wa miyezi 9 ndi wa miyezi 15 onse ndi ofunika, wachiwiriyo amagwira ana amene woyamba sunawagwire bwino, koma ndi womwe ambirife timaulumpha poti mwana wayamba kuyenda ndiye tikuona ngati wakula. Malungo anangowakhudza pang'ono, kuti odwala malungo pafupipafupi amakhala ndi mtundu wina wa maselowa wochuluka kuposa anthu ena.

Chomwe ndachotsera 1 ndi ichi, amachedwa kufika, ife 7 koloko tafika kale ndi kuzizira kwa kuno mu Juni muja makanda ali kumsana, iwo dzuwa litakwera ndithu, ndikudziwa mayendedwe ndi ovuta koma uthenga wa pa foni kwa amfumu ungathandize. Mabenchi ndi ochepa, komanso okhala kumbuyo samva bwino phunziro ana akayamba kulira, chonsecho ndi lomwe lili lokoma pa zonsezi. Katemera ndi waulere, musaiwale buku la mwana, ndipo azibambo nanunso bwerani muzimve nokha chifukwa kunyumba ndinu mumakonda kunena kuti jakisoni wakwana.