Ndemanga: nyumba yaing'ono ya alendo m'tauni yakale ya Nafplio, ku Greece

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodziyo yachoka chifukwa cha masitepe. Zina zonse zinatikomera: ukhondo, kadzutsa, malo pomwe nyumbayi ili, ndipo koposa zonse amayi eni ake, amene anatisamala ndi mtima wonse. Tinapita atatu kumayambiriro kwa Juni, ine, mkazi wanga ndi apongozi anga, amene timakhala nawo kuno ku Britain ndipo bondo lawo lakumanja limawavuta. Ngati nanunso mukufuna kuyenda ndi munthu wachikulire kapena mwana wosayenda yekha, werengani kaye musanalipire.

Nafplio ndi tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Peloponnese, chigawo cha kum'mwera kwa Greece. Kuchokera ku Athens pa basi ndi maola awiri ndi mphindi zingapo. Dziko la Greece litangochoka m'manja mwa ufumu wa Ottoman, likulu lake linali ku Nafplio, mpaka mu 1834 pomwe linasamukira ku Athens. Tauni yakale inapanikizika pakati pa nyanja ndi thanthwe lalikulu la Akronafplia, choncho misewu yoyandikira doko ndi yathyathyathya, koma mukangolowera kumtunda pang'ono misewu imasanduka masitepe amiyala. Nyumba zambiri zazing'ono za alendo zili kumtundako, m'nyumba zakale zomwe anazikonza n'kugawa zipinda. Yomwe tinagonamo ndi imodzi mwa izo, ndipo zambiri zomwe ndalemba pano mudzazipezanso m'nyumba zoyandikana nayo.

Tinaipeza pa intaneti, kenako tinalembera eni ake mwachindunji pa imelo. Apa anayamba kutisangalatsa. Ife tili ndi mapasipoti a Malawi, ndipo chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Greece, pamafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya. Pofunsira vizayo amafuna umboni wa komwe mukagone, wokhala ndi masiku enieni. Tinapempha kalata yokhala ndi mayina a tonse atatu monga alembedwera m'mapasipoti, adiresi ya nyumba ndi nambala ya foni. Anatitumizira tsiku lomwelo, osafunsa zambiri, ndipo anavomera kuti viza ikakanika tidzabwezeredwa ndalama zathu bola tiwadziwitse nthawi ilipo. Anthu amene safuna viza sangamvetse mmene mawu otere amakhazikitsira mtima pansi.

Tsopano dandaulo langa. Patsamba lawo analemba kuti nyumba ili pafupi ndi nyanja, ndipo si bodza. Koma palibe chithunzi ngakhale chimodzi chosonyeza njira yofikira pakhomo. Tinawauza za bondo la apongozi, anapatsa apongoziwo chipinda chapansi, ndipo tinakhutira. Chomwe sanatchule n'chakuti khomo lenilenilo lili pamwamba pa masitepe ataliatali a mumsewu, amiyala yosalala ndi kupondedwa kwa zaka zambiri, ena aatali ena aafupi, opanda chogwirira m'mbali. Takisi siifika pakhomo, imakusiyani kumunsi. Munthu amene wamva kuti mlendo ali ndi vuto la bondo ayenera kunena zimenezi poyera. Ndikukhulupirira kuti sanabise dala. Amayiwo ndi achikulire ndithu koma amakwera masitepewo kangapo patsiku atanyamula zogula, ndiye kwa iwo si nkhani. Kwa apongozi inali nkhani yaikulu. Ankatsika kamodzi patsiku, n'kukwera madzulo pang'onopang'ono atagwira mkono wa mwana wawo, kupuma pakati kawiri kapena katatu. Panali madzulo ena omwe anasankha kutsala kunyumba chifukwa choganizira zokwera pobwera, ndipo zimenezo zinandiwawa, poti ulendowu tinaukonza makamaka chifukwa cha iwo.

Za kafikidwe ndinene mwachidule. Pabwalo la ndege la Athens tinakwera basi ya X93 yopita ku depoti ya Kifissos, kumene kumanyamukira mabasi a KTEL opita ku Nafplio. Panjira mumawoloka ngalande ya Corinth, yomwe anaitsegula mu 1893. Khalani pazenera chifukwa imadutsa m'kanthawi kochepa. Titatsika tinaimba foni, ndipo mnyamata wa eni nyumba anabwera kudzatinyamulira masutikesi. Sutikesi ya matayala siithandiza pamasitepe, choncho longezani zopepuka. Obwera pa galimoto amaisiya kumalo aakulu oimikako magalimoto kudoko n'kuyenda wapansi.

Zipinda n'zazing'ono koma zaukhondo kwambiri. Chathu chinali pamwamba, chokhala ndi kakhonde kokwana mipando iwiri ndi katebulo. Kuchokera pamenepo mumaona madenga ofiira akutsetsereka mpaka kudoko, kenako Bourtzi, linga lomwe anthu a ku Venice anamanga pakachilumba pakati pa madzi m'zaka za m'ma 1470, ndipo kutsidya kuli mapiri. Usiku amaliyatsira magetsi. Chipinda cha apongozi chinalibe zonsezi, zenera lake limayang'ana kabwalo ka mkati komwe kuli mtengo wa mandimu, koma chinali chozizira bwino masana chifukwa makoma ake ndi amiyala, ochindikala. Makoma omwewo ndi amene amafooketsa Wi-Fi. Pansi inkagwira bwino pabwalo kusiyana ndi m'chipinda. Mabedi ndi olimbirapo, mashiti oyera, mathawulo ankasintha osadikira kuti tipemphe. M'chipinda chilichonse muli kafiriji, ketulo ndi makina oziziritsa mpweya omwe sachita phokoso. Mapulagi a kumeneko ndi a timabowo tiwiri tozungulira, ndiye tengani adaputala, chifukwa a mano atatu omwe timagwiritsa ntchito ku Britain ndi kumudzi salowa.

Bafa ndi lothina. Shawa ili ndi kansalu kotchinga kokha, madzi amamwazikira pansi ponse, ndipo kwa munthu wa bondo matailosi onyowa ndi oopsa. Titanena, anabweretsa mphasa ya labala ndi kampando ka pulasitiki nthawi yomweyo. Madzi otentha amachokera ku sola ya padenga, choncho madzulo amakhala otentha kwambiri, m'mamawa ofunda chabe. Chinthu china chomwe muyenera kudziwiratu: m'nyumba zambiri ku Greece, makamaka zakale, tishu sataya m'chimbudzi chifukwa mapaipi ndi opapatiza. Mumataya m'kabini kokhala ndi chivindikiro pambali, ndipo amakhuthula tsiku lililonse. Tsiku loyamba zimadabwitsa, kenako mumazolowera. Madzi akumwa anatilangiza kuti tizimwa a m'botolo, ndipo ankatiikira botolo lalikulu m'firiji.

Phokoso lilipo lochepa. Mabelu a tchalitchi amalira m'mawa, makamaka Lamlungu. Loweruka usiku kumamveka mawu a anthu kuchokera kumunsi mpaka mochedwa, poti Agiriki amadya chakudya chamadzulo cha m'ma 9 kapena 10 koloko. Masana, kuyambira cha m'ma 3 koloko mpaka dzuwa litapepa, anthu amapuma ndipo alendo nawonso amayembekezeka kutsitsa mawu. Udzudzu ulipo madzulo, mazenera alibe sefa, koma anatipatsa kamankhwala kolumikiza kumagetsi ndipo kanagwira ntchito. Amphaka ali ponseponse pamasitepe, ndipo mukasiya chitseko cha pabwalo chotsegula amalowa.

Kadzutsa ndi chifukwa chokwanira chogonera m'nyumba yotere m'malo mwa hotela yaikulu. Amadyera pabwalo pansi pa mtengo wa mandimu uja, matebulo anayi okha. Amayi eni ake amaphika okha, ndipo palibe tsiku lomwe chakudya chinafanana ndendende ndi cha dzulo lake. Chosasowa chinali buledi wa m'mawa womwewo, yogati yolimba yothira uchi, tchizi cha feta, maolivi, tomato wothira mafuta a olivi ndi oregano, mazira ophika momwe mwafunira, ndi madzi a malalanje ofinya pomwepo. Chigwa cha Argos, chomwe mumadutsa pobwera, ndi minda ya malalanje yokhayokha, ndiye sagula a m'mapaketi. Tsiku lina anaphika spanakopita, chitumbuwa cha sipinachi ndi tchizi chokutidwa ndi timapepala ta ufa topyapyala. Tsiku lina keke ya malalanje yonyowa ndi manyuchi. Jamu anali wopanga okha. Khofi wa Chigiriki amabwera m'kakapu kakang'ono, nsenga zake zili pansi, ndiye musamalize mpaka kumapeto. Ofuna tiyi wamkaka ngati wakwathu anene, chifukwa kumeneko si chizolowezi. Ife titanena kamodzi, tsiku lililonse tinkapeza mkaka wotentha patebulo.

Chomwe sindidzaiwala ndi mmene amayiwa anachitira ndi apongozi. Chingerezi chawo n'chochepa, cha apongozi n'chochepanso, koma ankamvana. Ataona mmene anavutikira kukwera tsiku loyamba, m'mawa mwake anaika mpando pakati pa masitepe, pakhomo pa mnansi wawo, atamupempha, kuti apongozi azipumirapo. Madzulo omwe anatsala okha, anawafululira tiyi wa zitsamba za m'mapiri n'kukhala nawo pabwalo akusadzula nyemba zaziwisi, aliyense akuonetsa mnzake zithunzi za adzukulu pa foni. Titabwera tinawapeza akuseka. Apongozi anauza mkazi wanga kuti, "Mwana wanga, uwauze mayiwa kuti Mulungu awadalitse, andisunga bwino." Zimenezi sizinali pa lisiti, ndipo n'chifukwa chake sindingathe kuwakwiyira kwambiri pa nkhani ya masitepe, ngakhale ndikuumirirabe kuti anayenera kutiuza.

Za nyanja, musayembekezere kutuluka pakhomo n'kuponda mchenga. Kutsogolo kwa tauni yakale kuli doko ndi msewu woyendamo anthu, osati gombe losambira. Gombe lapafupi ndi Arvanitia, kuseri kwa thanthwe. Ndi laling'ono, la timiyala, si mchenga wofewa ngati wa ku Senga Bay, ndipo m'miyala ya m'madzi muli tizilombo taminga takuda tomwe timabaya mapazi. Gulani nsapato zosambira nazo, zimapezeka m'mashopu a m'tauni. Madzi ake ndi oyera mbee, mumaona pansi. Kwa wachikulire kapena ana, Karathona ndi yabwino kuposa: gombe lalitali lamchenga, madzi osaya poyambira. Ife tinapita pa takisi yomwe eni nyumba anatiitanira, koma kuli kanjira ka m'mbali mwa nyanja kochokera ku Arvanitia komwe amiyendo yolimba amayenda wapansi. Kumayambiriro kwa Juni madzi anali ozizirirapo polowa, abwino mukakhalitsamo.

Pamwamba pa tauni pali linga la Palamidi, lomwe anthu a ku Venice anamanga kuyambira 1711 mpaka 1714. Anthu amati masitepe okwerera kumeneko ndi 999. Ine ndi mkazi wanga tinakwera m'mamawa dzuwa lisanatenthe, apongozi anabwera pa takisi kudzera mumsewu wakuseri, tinakumana pachipata. Mkatimo muli kachipinda kamdima komwe amati anatsekeramo Theodoros Kolokotronis, mtsogoleri wa nkhondo yomenyera ufulu. Pafupi ndi nyumba yathu pali tchalitchi cha Agios Spyridon, pakhomo pake ndi pomwe Ioannis Kapodistrias, mtsogoleri woyamba wa dzikolo, anaphedwera mu 1831. Chizindikiro cha chipolopolo pakhoma anachitchinga ndi galasi. Epidaurus, komwe kuli bwalo lakale la zisudzo, ndi Mycenae, komwe kuli mabwinja a mzinda wakale, konse mutha kupita n'kubwera tsiku lomwelo. Mnyamata wa eni nyumba anatilembera nthawi za mabasi papepala, n'kutichenjeza kuti Lamlungu amachepa.

Pa ndalama, mtengo unali woyenera poona chakudya ndi chisamaliro. Dziwani kuti pali msonkho wa boma wolipira pa chipinda usiku uliwonse, ndipo ife tinaulipira payokha pochoka, anatipatsa lisiti yake. Khadi amalandira, koma sungani mayuro pang'ono a takisi ndi a kumsika. Nafplio ndi kumene anthu a ku Athens amakonda kukapumira kumapeto kwa sabata, choncho Lachisanu ndi Loweruka zipinda zimadula ndiponso zimatha msanga. Pakati pa sabata kumakhala bata. Ogasiti ndiye mwezi wodzaza ndi wotentha kwambiri, makamaka masiku oyandikira pa 15, tsiku la chikondwerero chachikulu cha mpingo wa Orthodox. Masitepe aja pa dzuwa limenelo sindingawafunire munthu wachikulire.

Kwa eni nyumba, pempho langa ndi lakuti muike chithunzi cha masitepe patsamba lanu ndi chitsulo chogwirira pakhoma. Kwa amene mukufuna kusungitsa chipinda m'nyumba imeneyi kapena m'nyumba ina ya kumtundaku, musangofunsa ngati chipinda chili pansi. Funsani kuti takisi imaima pati, ndipo kuchokera pamenepo mpaka pabedi pali masitepe angati, apempheni akujambulireni kavidiyo pa foni. Ine ndi mkazi wanga tikadzapitanso tidzapempha chipinda cha kakhonde chomwecho. Tikadzakhala ndi apongozi tidzafuna nyumba ya m'misewu ya kumunsi pafupi ndi doko, ngakhale iwo akuti akufuna kwa mayi omwe aja.