Jekete ya mesh ya ku Kamwala: mphepo imalowa bwino, koma za kumsana anandinamiza

Ndemanga iyi ndi ya jekete yotuwa ya mesh (nsalu ya timabowo tolowetsa mphepo) ndi magolovesi aafupi zimene ndinagula kumayambiriro kwa Seputembala m'sitolo ina yogulitsa zipangizo za njinga zamoto ku Kamwala, mu Lusaka. Ndadikira kuti nyengo yotentha ithe ndisanalembe, pofuna kuti ndinene zimene ndaona pamsewu pamodzi ndi zimene ndinaona pakauntala. Dzina la sitolo sinditchula, pakuti jekete yomweyi yakolekedwa m'masitolo ambiri a kumeneko. Mtengo unali K1,800 jekete ndi magolovesi pamodzi, ndipo ndinalipira osanenerera chifukwa cha chinthu chimodzi chimene ndinalonjezedwa.

Ntchito yanga ndi yokonza mapampu a madzi m'mafamu a ku Chongwe ndi ku Kafue, nthawi zina mpaka ku Chirundu, ndipo konseko ndimapita pa njinga yanga yamoto ya Boxer 150. Kale ndinkavala jekete yakuda yachikopa ya pa salaula, imene imathandiza mu Juni ndi Julayi koma siipiririka Okutobala akafika. Anzanga ambiri mwezi umenewu amangovula n'kumayenda ndi malaya okha, ndipo ndaonapo mmene phula limasendera mkono wa munthu. Choncho ndinauza mnyamata wogulitsa kuti ndikufuna jekete yolowa mphepo, ya mtundu wowala, yokhala ndi zotetezera m'mapewa, m'zigongono ndi kumsana. Za kumsana ndinazibwereza kawiri. Iye anamenya kumbuyo kwa jekete ndi chikhatho, nandionetsa zilembo za CE pakolala, zosonyeza kuti katundu wakwaniritsa miyezo ya ku Ulaya, n'kunena kuti, "Zonse zilimo, ba mudala, musadandaule." Imene ndinayesa inali yoonetsera makasitomala, ndipo yanga anakaitenga kumbuyo ili m'pulasitiki yomata. Nditapempha kuti tiitsegule pomwepo, anati lamulo la sitolo ndi lakuti katundu amatsegulidwa ndalama zikaperekedwa.

Kunyumba ndinatsegula timatumba ta mkati kuti ndione zimene ndagula. M'mapewa ndi m'zigongono munalidi zotetezera zenizeni, zolimba koma zopindika, zodindidwa kachithunzi ka munthu ali pa njinga yamoto pamodzi ndi nambala ya muyezo wa zotetezera zoterezi, EN 1621-1, Level 1. M'thumba la kumsana ndinatulutsamo kasiponji kopyapyala konga kotsukira mbale, kopanda chidindo chilichonse, kamene ndinakafinya ndi zala ziwiri mpaka zalazo zinakhudzana. Chotetezera msana chenicheni chili ndi muyezo wakewake, EN 1621-2. Pochiyesa amachigwetsera chitsulo cholemera n'kuyeza mphamvu imene yadutsa kukafika kuthupi: cha Level 1 sichiyenera kudutsitsa mphamvu yoposa 18 kN (makilonyutoni, muyeso wa mphamvu) pa avareji, cha Level 2 yoposa 9 kN. Siponji imene ndinapezayo siinayesedwepo ndi aliyense, ndipo ntchito yake ndi yongoimitsa jekete kuti ioneke bwino ikakolekedwa. Kabuku kamene kanali m'thumba kananena poyera kuti chotetezera msana chimagulidwa padera. Opanga jekete sanabise kanthu. Amene ananama ndi wogulitsa, atayang'ana nkhope yanga.

Loweruka m'mawa ndinabwerera ndi jekete, lisiti, kabuku ndi siponji ija. M'sitolo munali anthu ambiri, ena akugula matayala, ena matcheni ndi oilo. Ndinadikira nthawi yanga, ndinapereka moni, kenako ndinaika siponji pakauntala n'kufunsa mwaulemu ngati chimenechi ndicho chotetezera msana chimene anandiuza. Mnyamatayo sanaigwire n'komwe. Anati, "Ndi imeneyo, zonse zimabwera choncho." Ndinatsegula kabuku n'kumulozera mzere wonena kuti chenicheni chimagulidwa padera. Apo anasintha mawu, nati chenichenicho chilipo ndithu pa shelefu, ndingowonjezera K450. Ndiye kuti tsiku limene ankamenya kumbuyo kwa jekete ankadziwa bwino lomwe kuti mulibe kanthu, ndipo chinthu chimene ndinafunsa kawiri chinali pamwamba pa mutu wake. Nditanena kuti ndikufuna andipatse chimene ndinalonjezedwa kapena andibwezere ndalama zanga, analoza chikwangwani chimene chili kukhoma chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, kenako anakweza mawu kuti onse amve: "Iwe mudala, ka Boxer kako kamathamanga bwanji kuti uzifuna zinthu za pa mpikisano?"

Anthu ena anaseka, ndipo mayi wolandira ndalama anangoweramira pa foni yake. Ine ndili ndi ana amsinkhu wa mnyamata ameneyu, ndipo sindinazolowere kuyankhulidwa chotero ndi munthu amene ndalama zanga zili m'kabati mwake. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ganizo lakuti msana wa munthu wokwera njinga yaing'ono ndi wotchipa. Munthu akagundidwa ndi minibasi pa Lumumba Road, mwala wa m'mphepete mwa msewu umathyola msana mofanana, kaya anakwera Boxer kaya njinga ya ndalama zambiri. Pafupi nane panaima mnyamata wina wa ntchito yoperekera katundu m'makomo, bokosi lake ataliika pansi, atavala jekete yonga yanga koma yakuda. Iye sanaseke. Anaivula mwakachetechete, anatsegula thumba la kumsana, natulutsa siponji yofanana ndi yanga, yonyowa ndi thukuta ndiponso yopindika pakati. Anaiyang'ana kwa kanthawi n'kundifunsa kuti, "Atate, ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikuyenda ndi ichi?" Kuseka kunathera pomwepo.

Ndinauza wogulitsayo kuti chikwangwani chimene akudalira n'chosaloledwa. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa sitolo kuika chidziwitso chokana kubweza katundu kapena ndalama, limaletsanso kunamiza wogula za mmene katundu alili, ndipo bungwe la boma loteteza ogula la CCPC limalandira madandaulo otere. Atamva dzina la bungwelo anatsitsa mawu, natenga nambala yanga, nati abwana akabwera adzandiimbira. Eni sitolo anandiimbiradi patapita masiku. Ndi bambo wachikulire wodziwa kuyankhula ndi anthu, ndipo anapepesa popanda kuzungulira, ngakhale kuti chotetezeracho anandipatsa pa theka la mtengo m'malo mondipatsa chaulere monga zinayenera kukhalira. Ndinachitenga, chifukwa ntchito inali kundidikira. Ndi cha Level 1, chili ndi mabowo olowetsa mphepo, ndipo chinakwana bwino m'thumba lake.

Kunena chilungamo, jekete yeniyeniyo yandisangalatsa kuposa mmene ndinkafunira kuvomereza ndili ndi mkwiyo. Mu Okutobala, pamene kutentha kwa Lusaka kumapitirira madigiri 30 masana, njinga ikangoyamba kuyenda mphepo imalowera pachifuwa ndi mkati mwa mikono n'kutulukira kumsana, moti ndimafika ku Chongwe malaya ali ouma. Mtundu wotuwa umathandizanso, pakuti sukoka dzuwa monga umachitira wakuda. Pa maloboti a Great East Road, mukaima pakati pa magalimoto, mesh ilibe chimene ingakuchitireni chifukwa palibe mphepo yoti ilowe, komabe thukuta limauma msanga mukanyamuka. Pachikwangwani cha mkati palembedwa EN 17092, muyezo wa zovala za pa njinga yamoto, gulu A. Mwa magulu atatu a AAA, AA ndi A, limeneli ndilo lotsika pa kupirira kukhuzika pa phula, kotero ndi jekete yoyenera liwiro la m'tauni ndi m'misewu ya kumafamu. Amene mumathamanga kwambiri pa msewu wa ku Kafue ndi njinga zazikulu funani AA.

Pali chinthu china chimene wogulitsa aliyense ayenera kumauza anthu, ndipo ndinachimva m'thupi pa ulendo wa ku Chirundu. Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Chirundu ali m'chigwa cha Zambezi, pafupifupi mamita 400 okha. Mukamatsetsereka m'mapiri aja kutentha kumakwera, ndipo kumusi mu Okutobala kumatha kufika madigiri 40. Khungu la munthu limakhala pa madigiri pafupifupi 34, choncho mpweya ukatentha kuposa pamenepo, mphepo yolowa m'mabowo a jekete imabweretsa kutentha m'thupi m'malo mokuchotsa, ndipo imaumitsa thukuta msanga. Munthu amataya madzi ambiri osazindikira, chifukwa sadziona kuti wanyowa, mpaka mutu uyambe kuwawa ndi maso kulemera. Chimene chimandithandiza kumeneko ndi kuvala malaya a manja aatali mkati, kuwanyowetsa ndi madzi ndikaima, n'kumwa madzi pafupipafupi ludzu lisanandigwire. Madzi a m'malayawo akamauma ndi mphepo amachotsa kutentha, ndipo mesh imagwira ntchito bwino kwambiri ikakhala pamwamba pa nsalu yonyowa. Ndikatha kusankha, ndimanyamuka m'bandakucha kuti dzuwa la masana lindipeze ndafika.

Inayesedwanso pa kugwa. Pa msewu wafumbi wa ku famu ina ku Chongwe, mbuzi inatulukira mwadzidzidzi m'tchire, ndinagwira mabuleki pa mchenga ndipo ndinagwera kumanzere ndikuyenda pang'onopang'ono. Nsalu yolimba ya pachigongono inakhuzika n'kuyera, koma siinabowoke, ndipo chotetezera sichinasunthe pamalo pake chifukwa malamba a m'mikono ndinali nditawamanga mothina. Opanga anaganiza bwino poika mesh pachifuwa, kumsana ndi mkati mwa mikono mokha, n'kusiya nsalu yokhuthala pamalo amene amayamba kukhudza pansi. Mkono unatupa pang'ono, khungu silinachoke.

Zofooka zake zilipo. Fumbi limalowa pamodzi ndi mphepo, ndipo pa mtundu wotuwa litsiro limaonekera msanga, kotero ndimaichapa ndi manja nditachotsa zotetezera zonse. Mvula yoyamba ya Novembala inandinyowetsa mpaka mkati, pakuti kansalu kotchinga madzi kamene kamabwera ndi jeketeyi kamafuna kuti muime, muvule, mukamange ndi zipi, ndipo mukakavala dzuwa likatuluka mumanyowa ndi thukuta. Zipi ya kutsogolo ndi yolimba ndipo siinandivutitsepo.

Magolovesi ndiwo sindingauze munthu kuti agule. Alibe chidindo cha muyezo wa magolovesi, EN 13594, msoko wa pa chala chachikulu unamasuka mwezi usanathe, ndipo utoto wake umasuluka ndi thukuta n'kudetsa zikhatho. Pa kugwa kuja chikhatho cha golovesi ya kumanzere chinang'ambika, pamene jekete inapirira mchenga womwewo.

Amene mukufuna jeketeyi, kanani kulipira pulasitiki isanatsegulidwe, ndipo tulutsani chotetezera chilichonse m'thumba lake kuti muwerenge nokha chidindo, makamaka cha kumsana. Muiyesenso mutatambasula manja monga mmene mumagwirira chiwongolero, kuti muone ngati zotetezera zakhala pa chigongono penipeni. Sabata yatha ndinadutsa pa sitolo ija ndipo chikwangwani chokana kubweza katundu chikadali kukhoma, ngakhale kuti eni ake anandilonjeza pa foni kuti achichotsa. Ndawaimbiranso n'kuwauza kuti ndikupereka dandaulo ku CCPC pa za chikwangwanicho, ndiponso kuti mnyamata woperekera katundu uja, amene anagula jekete yake pa lonjezo lomwelo, sanalandirebe chotetezera chake.