Ndodo ya stabilizer, masipuling'i olimba kapena mashoko atsopano: n'chiyani chimaletsa galimoto kupendekeka pa kona

Aliyense amene anatsikapo msewu wa M1 kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa amadziwa mmene galimoto imapendekera pa makona a mtsetse uja, thupi lake likutsamira kunja, okwera akugwiritsitsa mipando. Wofuna kuchepetsa kupendekeka kumeneku amauzidwa njira zitatu ku magalaja: kusintha ndodo ya stabilizer, imene ena amaitcha anti-roll bar, kuika masipuling'i olimba, kapena kugula mashoko atsopano. Zinthu zitatuzi sizigwira ntchito yofanana, ndipo ndalama zambiri zimalowa m'madzi chifukwa chosazindikira kusiyana kwake.

Stabilizer ndi ndodo yachitsulo yopindidwa ngati chilembo cha U, yomangidwa kunsi kwa galimoto ndi mabushi awiri a labala, ndipo nsonga zake zimalumikizidwa ku mawilo a mbali zonse ziwiri ndi timikono timene amakaniko amati ma link. Mawilo onse awiri akakwera limodzi, monga pa bampu yopingasa msewu, ndodoyi imangotembenuka m'mabushi mwake osapotoka, choncho siumitsa kayendedwe ka galimoto. Koma pa kona, wilo lakunja likakanikizidwa pamene lamkati likupepukidwa, ndodoyi imapotoka ngati nsalu yofinyidwa pochapa, ndipo mphamvu imene imafuna kubwerera nayo m'malo mwake ndiyo imaimika thupi la galimoto. Kulimba kwake kumakwera msanga kwambiri ndi makulidwe: kuchoka pa mamilimita 20 kufika pa 22 kumawonjezera kulimba ndi pafupifupi 46 peresenti, ndipo ndodo ya mamilimita 24 imalimba kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi ya mamilimita 20. Kusiyana kumene diso silingakuone bwino kungasinthiretu khalidwe la galimoto.

Chimene ambiri sachimvetsa n'chakuti ndodoyi sichepetsa kwenikweni katundu yense amene amasamukira ku matayala akunja pokhota, kutanthauza kulemera kumene matayalawo amasenza. Katunduyo amadalira kulemera kwa galimoto, kutalika kwake kuchokera pansi, ndi mtunda wa pakati pa mawilo akumanja ndi akumanzere. Ntchito ya ndodo ndi kugawa katunduyo pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Tayala likasenzetsedwa katundu wowirikiza kawiri silimata pamsewu mowirikiza kawiri, motero mbali imene ili ndi ndodo yolimba kwambiri, popeza imasenza gawo lalikulu la katundu wosamukayo, ndiyo imayamba kuterereka. Ikalimba kutsogolo, galimoto imakana kukhota ndipo mphuno yake imalunjika kunja kwa kona, zimene akatswiri amati understeer. Ikalimba kumbuyo, matayala akumbuyo ndiwo amathawa, galimoto n'kufuna kuzungulira, zimene amati oversteer. Opanga magalimoto wamba amasankha dala khalidwe loyambalo, chifukwa dalaivala akachita mantha n'kuchotsa phazi pa moto, galimoto imabwerera yokha mu mzere wake. Ndiponso magalimoto aang'ono ngati Honda Fit ndi Toyota Vitz ali ndi mtanda wachitsulo kumbuyo umene umapotoka kale ngati stabilizer, kotero wowonjezera ndodo yokhuthala pamenepo akhoza kudzadabwa tsiku limene mvula yanyowetsa phula.

Kuipa kwa ndodoyi kumaonekera pa dzenje limene lagwira wilo limodzi lokha, pakuti kugunda kwake kumawolokera mbali inayo ndipo okwera amagwedezeka mitu uku ndi uku. N'chifukwa chake Jeep Wrangler Rubicon ili ndi batani lomasulira ndodo yakutsogolo poyenda pa miyala, ndipo Toyota inaika pa ma Land Cruiser Prado ena makina otchedwa KDSS, amene amaifewetsa m'tchire n'kuilimbitsa pa phula.

Masipuling'i olimba nawonso amachepetsa kupendekeka, koma sasankha nthawi yogwira ntchito. Amakana kona, amakana bampu, amakana dzenje, amakana ngakhale kamwala. Ubwino wake weniweni ndi wakuti ambiri mwa iwo ndi afupiafupi ndipo amatsitsa galimoto, ndiye mwa njira zitatuzi ndi okhawa amene amachepetsadi katundu wosamukira kunja, komanso amaletsa mphuno kugwada kwambiri pogwira mabuleki. Kutalika kwa galimoto si nkhani yaing'ono: mu 1997 Mercedes-Benz A-Class inagubuduka ku Sweden poyesedwa kuzemba chinthu mwadzidzidzi, ndipo poikonza kampaniyo inaitsitsa, inaumitsa masipuling'i ndi mashoko ake ndi kuikamo makina a ESP, amene amagwira okha mabuleki pa wilo lililonse galimoto ikayamba kuterereka. Komabe pa msewu wamaenje kapena wafumbi wokhala ndi timizere, sipuling'i yolimba imadumphitsa tayala, ndipo tayala limene lili m'malere silikhota, silimanganso mabuleki. Galimoto yotsitsidwa imakhulanso mimba pa mabampu a m'matauni. Tisaiwale kuti kwathu kuno ambiri amachita zosiyana ndi zimenezi, amakweza magalimoto ochokera ku Japan ndi ma spacer, tizidutswa toika pamwamba pa masipuling'i, kuti asamagunde pansi, ndipo ayenera kudziwa kuti akatero awonjezera kupendekeka, makamaka akasenza matumba padenga.

Mashoko ntchito yawo ndi ina. Mkati mwake muli mafuta amene amakakamizidwa kudutsa timabowo tating'ono, choncho saletsa galimoto kupendekeka pa kona yaitali, koma amalamulira liwiro limene imapendekera ndi kubwerera. Phindu lawo limaoneka pozemba mbuzi kapena wanjinga ya kabaza mwadzidzidzi, pamene galimoto ya mashoko otha imayamba kuyendayenda ngati bwato pa mafunde. Kuika masipuling'i olimba pa mashoko otopa n'kuwononga zonse ziwiri.

Ine ndinaphunzira kufunika kwa ndodoyi mowawa. Toyota Fielder yanga itayamba kulira gogogo pa mabampu, makaniko wina anapeza kuti link imodzi yatha, ndipo m'malo moisintha anaichotsa, nandiuza kuti ilibe ntchito. Phokoso linathadi, koma link imodzi ikachoka ndodo yonse imakhala yafa. Pa kona yoyamba yakuthwa ya ulendo wotsatira galimoto inatsamira mpaka chikwama chimene chinali pa mpando wakumbuyo chinatsetsereka n'kukagunda chitseko, ndipo chiwongolero chinkachedwa kumvera dzanja langa. Nditabwezeretsa ma link awiri ndi mabushi atsopano, zinthu zotsika mtengo kuposa shoko imodzi, galimoto inabwerera mwakale.

Kwa woyenda m'misewu yathu, ndingayambe ndi mabushi ndi ma link, kenako mashoko, ndipo pokhapokha zimenezi zili bwino m'pamene ndingaganize za ndodo yokulirapo pang'ono, yopangidwira mtundu wa galimotoyo, osati kumbuyo kokha. Masipuling'i ofupikitsa ndingawasiyire amene sachoka pa phula losalala. Poyeza ma link, galimoto iime pamalo athyathyathya mawilo onse ali pansi, popeza kukweza mbali imodzi ndi jeki kumapotoza ndodo n'kubisa kukhwepa. Kenako gwirani link ndi dzanja n'kuigwedeza mwamphamvu, ndipo ikagogoda kapena labala wake akakhala wong'ambika, sinthani zonse ziwiri nthawi imodzi.